Ndisankhe bwanji malo a residency ya emergency pamene digiri yanga ndi ya DO?

Zikomo a Mlangizi,

Ndine Mmalawi wophunzira udokotala kuno ku United States, chaka chachitatu, pasukulu yopereka digiri ya DO (Doctor of Osteopathic Medicine) osati MD, digiri ya udokotala yodziwika kwambiri. Cholinga changa ndi kudzagwira ntchito ku emergency, kumene amafikira anthu ovulala pangozi ndi odwala mwakayakaya. Pamenepo mtima wanga udakhazikika kale. Chandisowetsa tulo ndi kusankha chipatala chokaphunzirako ntchitoyi ndikadzamaliza digiri, maphunziro a pantchito otchedwa residency, pakuti nthawi yopempha malo okadzionetsa m'zipatala pa chaka chachinayi cha sukulu yakwana. Ndiloleni ndiyale kaye nkhaniyi kuti muone pamene pali mfundo.

Kuno DO ndi dokotala wathunthu m'zigawo zonse 50. Amalemba mankhwala, amagoneka odwala m'chipatala, amachita opaleshoni. Timasiyana ndi a MD pa maola owonjezera amene timaphunzira kuchiza minofu ndi mfundo za thupi ndi manja, komanso pa mayeso: athu ndi COMLEX, awo ndi USMLE. Kale ma residency a DO ankayang'aniridwa paokha ndi bungwe la ma DO la AOA, koma kuyambira 2020 onse ali pansi pa ACGME, bungwe lovomereza ma residency, ndipo tonse timadutsira pa Match imodzi, njira ya pakompyuta ya bungwe la NRMP yogawira ophunzira malo a residency. Papepala khomo ndi limodzi. Koma mukatsegula tsamba la pulogalamu iliyonse n'kuwerenga maina a ma resident awo, madokotala amene akuphunzira pamenepo, mupeza kwina theka ndi ma DO, kwina mmodzi pa makalasi onse, kwina ngakhale mmodzi yemwe palibe.

Msika wa ntchito nawo udagwedezeka. Mu 2021 kafukufuku wotsogozedwa ndi ACEP, bungwe la madokotala a emergency kuno, adalosera kuti pofika 2030 madokotala a emergency adzaposa ntchito zomwe zidzakhalepo ndi anthu pafupifupi 7,800. Kuonjezera kutopa kwa nthawi ya Covid, ophunzira ambiri a MD adathawira ku nthambi zina, moti pa Match ya 2023 malo 554 a emergency adatsala opanda munthu. Mu 2024 adatsika kufika pa 135, ndipo ambiri mwa amene adadzaza mpatawo ndi ma DO ndi madokotala ophunzira kunja. N'chifukwa chake anzanga akuti ndisade nkhawa, malo ndidzapeza. Ine mantha anga sali pa kusowa malo. Ndikuopa kulowa malo olakwika, kumaliza zaka zitatu, kenako n'kudzaima ndekha usiku pachipatala cha kumudzi, mwana wa zaka ziwiri akubanika, manja anga asanazolowere kulowetsa chubu pakhosi pa mwana.

Funso loyamba ndi la mayeso. Mayeso a gawo loyamba, COMLEX Level 1 ndi USMLE Step 1, adasiya kupereka malikisi mu 2022, amangonena kuti wakhoza kapena walephera. Nambala yokha yotsala poyerekeza ophunzira ndi ya gawo lachiwiri, Level 2-CE kwa ife ndi Step 2 CK kwa a MD. Malamulo amalola DO kulemba Step 2 CK ngakhale sadalembe Step 1. Mapulogalamu ambiri amalemba kuti amalandira COMLEX, koma mkulu wa pulogalamu amene wakhala akuwerenga malikisi a USMLE moyo wake wonse sangadziwe msanga kuti nambala ya COMLEX ikutanthauzanji, ndipo ena amasefa mafomu ndi kompyuta munthu asanawaone n'komwe. Kuipa kwake n'kwakuti ndi mayeso ena a tsiku lathunthu, ndalama zina madola mazanamazana, pa miyezi yomweyo imene ndikuyenera kukhala ndikudzionetsa m'zipatala. Ndipo ndikalephera, kulepherako kudzaoneka pa zotsatira zanga za USMLE mpaka kalekale. Maganizo anga ndi oti ndilembe ngati mayeso oyeserera a NBME, bungwe lokonza USMLE, akuonetsa kuti ndili bwino, masiku ochepa chabe kutalikirana ndi Level 2-CE poti zowerenga n'zofanana kupatula gawo la manja lija. Kodi ndikuganiza bwino, kapena masiku ano kuvutikako n'kosafunikanso kwa munthu wofuna emergency?

Lachiwiri ndi la kalata yotchedwa SLOE. Ku emergency kalata imeneyi imalemera kuposa malikisi. Si kalata yoyamikira wamba. Ndi fomu ya CORD, bungwe la akuluakulu a ma residency a emergency, imene aphunzitsi a pulogalamu ya residency amalemba ukamaliza nawo masabata anayi, ndipo amakuika pamzere poyerekeza ndi ophunzira ena: kaya uli m'gulu la pamwamba kwambiri, la pakati, kapena la pansi. Kawirikawiri wophunzira amasaina kuti sadzaiwerenga. Alangizi ambiri amati ziwiri n'zokwana. Wa MD nthawi zambiri yoyamba amaipeza pachipatala cha sukulu yake, pakati pa anthu omudziwa kale. Masukulu ambiri a DO, kuphatikizapo yanga, alibe residency yawoyawo ya emergency, choncho makalata onse awiri ndiyenera kukawasaka kwa eni ake kudzera pa VSLO, tsamba lopemphera malo okaphunzira masabata ochepa kuchipatala china, kapena polembera chipatala mwachindunji. Malo a Julayi ndi Ogasiti ndi amene aliyense amalimbirana, chifukwa kalata iyenera kukhala italowa pamene mapulogalamu ayamba kuwerenga mafomu chakumapeto kwa Seputembala kapena koyambirira kwa Okutobala. Kalata yochokera kwa dokotala wa emergency wa chipatala chopanda residency siiwerengedwa mofanana.

Apa ndiye ndathedwa nzeru. Ndikayamba ndi chipatala chotchuka cha yunivesite, ndidzakhala mlendo wosadziwa ngakhale kompyuta yawo, ndikupikisana ndi ophunzira a pakhomo pomwepo. Kalata yondiika m'gulu la pansi ikhoza kundivulaza kulikonse kumene ndidzapemphe malo, ine osadziwa kuti chikundivulaza n'chiyani. Ndikapita ku mapulogalamu awiri amene kale anali a AOA, ndidzalandiridwa bwino, koma kodi mapulogalamu ena adzaikhulupirira kalatayo mofanana? Ndikulingalira zoyamba ndi malo ozolowera ma DO mu Julayi, kenako malo ovuta mu Ogasiti nditazolowera kufotokoza wodwala mwachidule ndi kupereka ganizo langa la chithandizo. Mungandiuze ngati dongosolo limeneli lili ndi msampha umene sindikuuona?

Koma funso limene landilembetsa kalatayi ndi ili: munthu amadziwa bwanji kuti pulogalamu imaphunzitsadi? Onse pa interview amalankhula zokoma. ACGME ili ndi malire ake a pansi. Chipatala chachikulu cha pulogalamu chiyenera kulandira odwala osachepera 30,000 pachaka ku emergency. Resident asanamalize ayenera kulowetsa chubu chopumira maulendo 35, kuika chubu mumtsempha waukulu (central line) maulendo 20, chubu cha pachifuwa 10, kutenga madzi a pamsana 15, kubereketsa amayi 10, kuunika ndi ultrasound maulendo 150, kutsogolera kutsitsimutsa akulu odwala 45 ndi ovulala 35, ana odwala 15 ndi ovulala 10. Ayeneranso kukhala miyezi inayi ku ICU. Vuto n'lakuti amenewa ndi malire a pansi, ndipo zina mwa ntchito zosowa, monga kuboola pakhosi pamene chubu chakanika, amaloledwa kuziwerengera pa chidole chophunzitsira. Pulogalamu ikhoza kukwaniritsa manambala onse koma resident wake n'kutuluka wosalimba mtima.

Mafunso amene ndakonza kuti ndidzafunse ma resident okha, akulu atachoka, ndi onga awa. Munthu wovulala kwambiri akafika, ndani amagwira njira ya mpweya, a emergency kapena a anesthesia ogonetsa odwala pa opaleshoni, ndipo zimasintha usiku? Chubu cha pachifuwa amaika ndani, ife kapena ma resident a opaleshoni? Dzina loti Level I trauma center, chipatala cha pamwamba kwambiri pa za ovulala, limakopa, koma komweko n'kumene kumakhala ophunzira ambiri olimbirana wodwala mmodzi, pamene pachipatala chapakatikati chopanda ma resident a mafupa, phewa lililonse loguluka limakhala lako. Za ana ndikufuna kudziwa ngati amawaona chaka chonse kapena amangowaunjika mwezi umodzi, chifukwa amene wachita mwezi wake wa ana mu Julayi, nyengo yotentha kuno, sadzaona chifuwa cha kachilombo ka RSV cha m'nyengo yozizira. Ndikufunanso kudziwa kuti ndi angati akhoza mayeso a ukatswiri wa emergency a bungwe la ABEM kapena la ma DO la AOBEM ulendo woyamba pa zaka zisanu zapitazi, ndi angati adasiya panjira, ndipo mkulu wa pulogalamu wakhalapo zaka zingati. Lamulo limati shifiti ya ku emergency isapitirire maola 12 ndipo sabata isapitirire maola 60 oona odwala, koma silinena za maola awiri amene munthu amatsalira akulemba mafayilo. Kodi alipo mafunso ena amene amaulula zoona msanga kuposa awa?

Palinso nkhani ya mwini chipatala. Mapulogalamu ambiri atsopano atsegulidwa m'zipatala za makampani ofuna phindu, ndipo kwina madokotala ophunzitsa ndi olembedwa ntchito ndi kampani ina yakunja. Sindikunena kuti onse ndi oipa. Koma mu 2019 Hahnemann University Hospital ku Philadelphia idatsekedwa ndipo ma resident ndi ma fellow, ophunzira ukatswiri wowonjezera, oposa 500 adabalalika kusaka malo ena. Ku Summa Health ku Akron, residency ya emergency idalandidwa chilolezo mu 2017 chipatala chitasintha gulu la madokotala a ku emergency. Pa tsamba la ACGME munthu amatha kuona ngati pulogalamu ili pa Initial Accreditation (chilolezo choyambira), Continued Accreditation (chilolezo chopitirira), kapena ili ndi chenjezo. Pulogalamu imene sidatulutsepo kalasi ngakhale imodzi, ndiyiike pamndandanda wa malo umene ndidzapereke ku Match ngati chotchinjiriza, kapena ndiyisiye ndithu?

Za zaka zitatu kapena zinayi sindichulukitsa. Mapulogalamu ambiri ndi a zaka zitatu. Chaka chachinayi ndi chaka china cha malipiro a resident ngongole ya sukulu ikubereka chiwongoladzanja, ngakhale chimathandiza wofuna kudzaphunzitsa pa yunivesite. Mu Febuluwale 2025 ACGME idatulutsa ganizo loti onse akhale a miyezi 48. Pulogalamu ya zaka zitatu ndidzaifunsa kuti yakonzekera bwanji zimenezi ndipo ndalama za chaka chowonjezera zidzachokera kuti.

Poti sindine nzika ya kuno, mndandanda wanga umafupika ndisanayambe n'komwe. Mapulogalamu ena sathandiza visa iliyonse, ena amalola J-1 yokha. J-1 imafuna kalata yochokera ku Unduna wa Zaumoyo kwathu yonena kuti dziko likufunika luso limeneli, ndipo imandimanga kuti ndikakhale kwathu zaka ziwiri ndikamaliza pokhapokha nditapeza chikhululukiro. Kubwerera sikundiopsa. Ndimafuna ndithu tsiku lina kudzagwira ntchito pamalo onga Adult Emergency and Trauma Centre ya ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Koma m'maiko ambiri, monga ku Britain, mawu oti osteopath amatanthauza munthu wowongola msana amene si dokotala, choncho ndikufuna mundilangize mmene ndingafunsire ku Medical Council of Malawi panopa, ndisanasaine chilichonse, za kalembetsedwe ka DO wa ku America. Kodi satifiketi ya ABEM ingamveke msanga kunja kuposa ya AOBEM?

Ndikudziwa kuti Match imayamba ndi zofuna za wophunzira, moti kuika pamwamba malo amene ukuwafunadi sikukuchepetsera mwayi pa ena a pansi. Ndikudziwanso kuti malo alionse amene ndawalemba pamndandanda wa mu Malichi ndi pangano, ndikagwera pamenepo ndiyenera kupita. Tsono ndithandizeni pa ichi makamaka: pakati pa pulogalamu yodzaza ndi ma DO, yolandira bwino, koma ya odwala ochepa ndi ana osowa, ndi pulogalamu ya chipatala cha boma chodzaza usana ndi usiku kumene ndingakhale DO ndekha m'kalasi, inu mukadaika iti pa nambala 1? Ndipo ndi zizindikiro ziti zimene mungaone pa pulogalamu n'kunena kuti imeneyi isalowe n'komwe pamndandanda, ngakhale zitatanthauza kukagwera mu SOAP, njira yolimbirana malo otsala kwa amene sadapeze malo pa Match? Mafomu a VSLO ndiyenera kutumiza masabata akubwerawa, choncho yankho lanu ndikuliyembekezera ndi mtima wonse.

Ine wanu,
Wophunzira udokotala,
Pennsylvania