Inshuwalansi ya visa yotsatira banja kunja, tikudyeredwa masuku pamutu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pa nkhani ya inshuwalansi ya zachipatala imene ena amati imafunika munthu akafuna visa yotsatira banja lake kunja, chifukwa kuno ku Mzuzu ena apezerapo bizinesi pa umbuli wathu.

Mng'ono wanga amuna ake ali ku UK, anakhazikika kale ndipo mapepala awo ndi abwinobwino, ndiye chaka chino anati iyeyo ndi mwana awatsatire. Anapita pa kaofesi kena mtauni muno, tija timakhala ndi kompyuta imodzi, fotokope ndi mapu a dziko lonse pakhoma, mnyamata wake wa tayi kulankhula kokoma ngati wangotsika ndege dzulo. Anamuuza kuti popanda travel insurance visa siituluka, naye osafunsa, anangochotsa pa mpamba wa kaunjika wake nkulipira. Pepala lake lokongola bwanji, lolembedwa kuti 30,000 euros.

Inshuwalansi yokulipirira chipatala mpaka ma 30,000 euros amenewo ndi lamulo la visa ya Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito visa imodzi, ya ulendo wosapitirira masiku 90, ndipotu UK sili mu Schengen nkomwe. Ku UK ukamapita kukakhala pa visa ya banja umalipira Immigration Health Surcharge, ndalama yokulola kugwiritsa ntchito zipatala za boma za NHS, ndipo umalipira pa intaneti nthawi yomweyo ukudzaza fomu, olo ukhale ndi inshuwalansi ina kapena kadi ya medical aid yakuno, sachotserako olo tambala. Kuyambira February 2024 wamkulu ndi £1,035 pachaka, mwana £776. Visa yoyamba ndi ya zaka 2 ndi miyezi 9 koma amawerengera zaka 3 zathunthu, ndiye wamkulu yekha £3,105, kamodzinkamodzi, palibe zoti pang'onopang'ono ngati kubanki nkhonde. Muwerengere nokha mu makwacha, ine mutu unandiwawa. Nanga forex yake ndi mmene zinthu zililimu ungaipeze kuti? Mwamwayi alamu anga analipira okha komweko pa kadi yawo. Kabwino kake nkakuti visa akakukana ndalama imeneyi amabweza, koma ina yolipirira fomu ya visa yapita basi.

Maiko enanso ali ndi malamulo awoawo, zaku Germany sizaku UK, ndiye musamangomvera zoti mnzanga anapita ndi pepala lomweli.

A Mkonzi, bwanji nyuzi yanu izilembako zimenezi mu Chichewa? Zonse zili pa webusaiti ya boma la UK koma mu Chingerezi chija choti olo ine amene ndinafika Fomu 4 ndimawerenga katatu. Mng'ono wanga anabwererako pa kaofesi kaja kukafunsa ndalama zake, mnyamata uja akuti abwana apita ku Karonga kumaliro, mpaka lero mwezi wachiwiri uno maliro ake sanathe.

Mayi wodandaula,
Chibavi, Mzuzu