Kwa iwe uli ku Peru, za zircon uja

Mnzanga,

Kalata yako yafika, ndipo nambala ijayi yandisowetsa tulo. Ukuti utayeza zircon, timbewu ting'onoting'ono ta m'mwala toyezera zaka zake, mwala wa mu Coastal Batholith, mzere wautali uja wa miyala ya chiphalaphala wotsata gombe la Peru, wakupatsa zaka 1 biliyoni? Usaulutse nkhaniyo, chonde. Miyala ya kumeneko yambiri sinakwane zaka 200 miliyoni. Mlamu wako atamva anangogwira kukamwa.

Kumbuka chiyambi chake. Mbale ya pansi pa nyanja, chibenthu chachikulu cha chigoba cha dziko, imalowa kunsi kwa South America, monga ikuchitira ya Nazca lero. Ikafika pafupifupi makilomita 100 pansi imatulutsa madzi, madziwo n'kuchititsa miyala ya pamwamba pake kusungunuka msanga. Chiphalaphalacho chimakwera chikutentha madigiri 1,100 kapena kuposa, n'kukaima patsinde pa chigoba cha mtunda ndi kusungunula miyala yakale ya pamenepo. Vuto lako lagona apa. Zircon sasungunuka wamba. Kambewu kakale kamapulumuka, watsopano n'kumera mokakuta. Ukaombera laser pakati, wayeza zaka za agogo, osati za mwana.

Tenga mwala wosafumbutuka wokwana makilogalamu 5. Uphwanye, usefe, ulekanitse ndi maginito ndi madzi olemera aja omwe zircon amamiramo tina topepuka n'kuyandama, uike timbewuto mu guluu wolimba wa epoxy, upukute mpaka pakati pawonekere. Ujambule ndi cathodoluminescence, njira yoonetsa mizere ya kakulidwe m'kati mwa kambewu, usanaombere chilichonse, kenaka uyeze m'mphepete padera, pakati padera. Utsukenso makina ophwanyira. Zircon mmodzi wotsala wa munthu wina amaononga ntchito ya chaka.

China chikundiwawa kwambiri: mwala uliwonse wotuwa ukungouti granite! Kodi feldspar, mchere wochuluka uja m'miyala imeneyi, unamupaka mankhwala? Sodium cobaltinitrite amasandutsa wa potassium kukhala wachikasu, plagioclase, feldspar winayo, osasintha. Ndili ndi chikhulupiriro kuti wambiri utuluka tonalite kapena granodiorite, miyala yomwe plagioclase amachuluka kuposa wa potassium, chifukwa m'mphepete mwa mtunda ndi momwe zimakhalira, ngakhale ku mapiri a Sierra Nevada ku California. Zithunzi zakonso zilibe nyundo kapena chopimira, ndiye kukula kwa timiyalato ndikudziwa bwanji? Za ukwati wa mng'ono wako ndamva, zikomo, koma nyundo usaiwalenso.

Ndakusowa, kunena zoona. Palibe wokangana naye za Chappell ndi White, aja anagawa granite kukhala I (wochokera ku miyala ya chiphalaphala) ndi S (wochokera ku miyala ya dothi lodikha) mu 1974. Wakoyo ngati ali ndi mchere wa hornblende ndi I, koma ukapezamo muscovite kapena cordierite, michere ya S, ndiye kuti dothi lakale la pansi pa nyanja linasungunukiramo, ndipo zikatero zircon wakale uja... pepala landithera, zina m'kalata yotsatira.

Ndine mnzako wa kale uja.