Lipoti la ulendo wa ku Lilongwe: nkhani ya dayale ya amayi

Amayi anzanga, ndabwerako kumsonkhano munandituma kuja. Unali wa masiku awiri. Tsiku loyamba linathera malonje, zolankhula za akuluakulu ndi phunziro la kalembedwe ka malipoti, zomwe timazidziwa kale.

Chimene chinandigwira mtima ndi dayale. Mayi wotiphunzitsa anatulutsa m'chikwama kabuku kothetheka m'makona, kotchedwa Herstory, komwe amayi a ku Saskatoon m'dziko la Canada anayamba kutulutsa mu 1974. Muli malo olembapo zochita za sabata, pambali pake chithunzi ndi mbiri ya mayi mmodzi. Tinagwirizana kuti nafenso tipange yathu ya chaka chamawa.

Titayamba kutchula mayina, muholo munatentha. Rose Chibambo, amene nkhope yawo timaimanga pansonga ya chitenje pa K200 paja, atsikana awiri patebulo langa sankadziwa n'komwe kuti anatsekeredwa mu 1959 ali ndi khanda kumanja. Ndinachita manyazi ngati ana angawa. Analowanso Vera Chirwa, loya woyamba wachizimayi m'Malawi, amene anatuluka m'ndende mu 1993, Inkosi Kachindamoto a ku Dedza amene ankathetsa maukwati a ana, ndi Joyce Banda, pulezidenti wa 2012. Masiku a 8 Malichi (tsiku la amayi padziko lonse), 15 Okutobala (tsiku la anakubala) ndi 25 Novembala mpaka 10 Disembala (masiku 16 olimbana ndi nkhanza kwa amayi) adzalembedwa mofiira.

Koma ine sindinabwere wokhutira. Akuti iyambe kutuluka m'Chingerezi chifukwa othandiza ndalama afuna aione. Ndiye mwini dayaleyo ndani? Ndinaimirira n'kunena kuti mayi wa kwathu akufuna polemba masheya a banki m'khonde, tsiku la sikelo ndi la jakisoni wa kulera, komanso tsamba lofotokoza lamulo la 2011 la chuma cha masiye ndi la 2017 loti ukwati ndi zaka 18. Masambawo anavomera, za chiyankhulo akuti akaziona.

Tsono gulu lililonse litumize dzina la mayi mmodzi wa m'dera lake mwezi uno usanathe. Ndikudziwa kale ena athamangira kwa akazi a mfumu, monga tinachitira posankha komiti ya mjigo, mjigo womwe mpaka lero uli chiwonongekere. Ine ndikuti tilembe agogo aja ophika phala kusukulu ya mkombaphala, amene sanalandirepo ngakhale sopo. Tikakangana Lachinayi.

Kwa amene ankati ndikukadya ndalama: alawansi inathera minibasi, kogona ndi nsima, malisiti ndapereka kwa amlembi. Ya thiransipoti ya ulendo wa kuboma uja sindinabwezeredwebe. Amsungichuma, Lachinayi mubwere ndi buku.