Kwa mwana wanga, za mabokosi opanda kanthu a pa tsamba 7

Senga Bay, Salima

Wokondedwa mwana wanga,

Pepala lako la kafukufuku wa usipa lija unanditumizira pa WhatsApp ndinakalisindikiza kuboma, chifukwa maso angawa satha kupirira tizilembo ta pa foni. Ndaliwerenga kawiri ndili pakhonde, pensulo ili m'manja monga ndinkachitira ndi makope a ana a Folomu 4. Masamu ambiri a m'menemo andipitirira, sindibisa. Koma pali malo amodzi pamene pensulo yanga inaima, ndipo ndikukupempha kuti usalitumize ku journal, magazini yosindikiza kafukufuku, usanakonzepo.

Pa tsamba 7 walemba chiganizo chimodzi chokha chonena kuti masiku amene analibe manambala unawachotsa. Nditabwerera ku tebulo lako lakumapeto, ndapeza kuti mabokosi ambiri opanda kanthuwo ali mu Juni ndi Julayi. Iwe unakulira pano, ndipo ukudziwa kuti imeneyo ndi miyezi ya mwera, pamene nyanja imakalipa masiku angapo otsatizana, mabwato atakokeredwa pamchenga, alovi atakhala pansi pa mtengo akusoka ukonde wa chilimira, matandala ali mbee. Choncho bokosi lopanda kanthu likhoza kunena zinthu zitatu zosiyana: kuti palibe amene analowa m'madzi, kuti analowa koma anabwerako chimanjamanja, kapena kuti usipa unaphedwa ndithu koma wolembera sanafike padoko tsiku limenelo. Zitatuzi iwe waziika m'thumba limodzi n'kuzitaya. Ngati ambiri mwa masiku otayidwawo anali a mwera, ndiye kuti watsala ndi masiku abwino okhaokha, ndipo avareji yako ya usipa wa pa tsiku yakwera kuposa zimene nyanja imaperekadi. Kumbukiranso mwezi. Usipa amaukopa ndi nyali usiku, ndipo mwezi ukawala kwambiri siginala, msodzi woyang'anira nyaliyo, amavutika kuusonkhanitsa. Ndiponso ngati ena mwa manambala ako anachokera ku chilumba cha Mbenji, usaiwale kuti kumeneko a mfumu Makanjira amatseka usodzi m'nyengo ya mvula, kotero kusowa kwa manambala m'miyezi imeneyo n'kwa lamulo la mfumu, osati kwa nsomba.

Sindikunena kuti ubweze masikuwo mwa kungoganizira. Ndikunena kuti ulembe poyera kuti masiku osowawo ndi angati, ali m'miyezi iti, ukuganiza kuti anasowa chifukwa chiyani, ndipo uwerengere kawiri, kamodzi utawachotsa, kenako utawatenga ngati masiku osapha kanthu, kuti wowerenga aone yekha ngati yankho likusintha.

Ndikulimbikira chonchi chifukwa ndili ndi mlandu wanga. Pa kalembera wa 1998 ndinali mmodzi wa aphunzitsi amene anayenda khomo ndi khomo. Panali nyumba ina ya msodzi imene ndinaipeza yotseka katatu konse, ndipo dzuwa litandiwotcha, ndinayang'ana zovala zimene zinali pachingwe n'kulemba chiwerengero cha anthu cha m'mutu mwanga. Palibe amene anandigwira. Nambala imeneyo inapita ku likulu la kalembera ku Zomba n'kusakanikirana ndi zoona, ndipo mpaka lero palibe angathe kuisiyanitsa nazo, ngakhale ine ndemwe.

Pepala lako silidzayenda mwakachetechete choncho. Mkonzi akalilandira adzalipereka kwa akatswiri awiri kapena atatu amene mwina sudzawadziwa maina, ndipo ntchito yawo ndi kufufuza pamene pali pofooka. Usawaope, ndipo usawaone ngati adani. Mu Juni 1993, katswiri wa masamu Andrew Wiles analengeza ku Cambridge kuti wathetsa funso la masamu la Fermat limene linasautsa akatswiri kwa zaka zoposa 350. Amene ankaunika ntchito yakeyo anapezamo mpata, ndipo zinamutengera pafupifupi chaka chathunthu, mothandizana ndi Richard Taylor, kuti autseke. Ntchitoyo inatuluka mu journal ya Annals of Mathematics mu 1995. Ngati munthu ngati ameneyo anabwezedwa kuti akakonze, iwe usadzagwe mphwayi ndemanga zikadzabwera zambirimbiri. Udzaziyankhe imodziimodzi mwaulemu, kuonetsa tsamba ndi mzere pamene wasintha, ndipo pamene sukugwirizana nawo udzapereke chifukwa m'malo mongodumphapo.

Ndaonanso pa tsamba 11 kuti p-value imodzi, nambala yothandiza kuona ngati kusiyana kumene wapeza kungabwere mwangozi chabe, yatuluka 0.06, ndipo wailembera mawu ozungulira ngati munthu wochita manyazi. Ilembe momwe ilili. Malire a 0.05, amene ofufuza amafuna kuti p-value ikhale pansi pake, ndi chizolowezi chimene anthu anagwirizana, si khoma limene chilengedwe chinamanga, ndipo kuchotsa doko limodzi kapena mwezi umodzi kuti nambalayo itsike n'chimodzimodzi ndi zimene ndinachita ine ndi zovala zapachingwe. Chimene msodzi kapena mlangizi wa zausodzi angafune kudziwa ndi kukula kwa kusiyanako, kuti ndi ndowa zingati, ndiponso kuti nambalayo ingasunthe kuchoka pati kufika pati.

Zotsalazi uzidziwa kuposa ine, koma bambo salephera kubwereza. Werenga malangizo a journal imene wasankhayo mpaka kumapeto ndipo uwatsatire ngakhale pa zazing'ono, monga kutalika kwa chidule chakumayambiriro ndi kalembedwe ka maina a mabuku. Tumiza kumalo amodzi, udikire yankho ngakhale litatenga miyezi, chifukwa kutumiza pepala limodzi kuwiri nthawi imodzi n'koletsedwa. Aja amakulembera okha pa imelo, kukutamanda ndi kulonjeza kusindikiza m'masiku ochepa ukangolipira, uwapewe, ndipo ukakayika ufunse aphunzitsi ako. Aliyense amene dzina lake lili pamwamba pa pepalalo aliwerenge ndi kuvomereza lisanapite. Malamulo amene unalembera kompyuta mu pulogalamu ya R uwasunge mwadongosolo, kuti wina akawayendetsa apeze manambala omwewo. Ine ana anga ndinkawapatsa malikisi a njira ngakhale yankho litaphonyeka, koma yankho lopanda njira ndinkalikayikira.

Pomaliza, m'ndime yothokoza watchula amene anapereka ndalama za kafukufuku, koma sunatchule olembera a m'madoko amene ankadzuka m'bandakucha kukawerenga ndowa, kapena makomiti a m'mbali mwa nyanja amene anakulola kugwira ntchito. Uwaikemo.

Mayi ako akupereka moni. Loweruka ndipita kudoko kukafunsa akuluakulu a komiti ngati ali ndi kope limene analembamo masiku amene mabwato sanalowe m'madzi chaka chathachi. Ndikalipeza ndidzalijambula n'kukutumizira, ndiye tsamba 7 ulisiye kaye lotsegula mpaka umve kwa ine.

Ndine bambo ako.