Bongololo wabwera ndi mvula

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Lero wakwanitsa zaka 6, ndipo mtima wanga uli kwa iwe. Amayi ako akuwerengere kalatayi pang'onopang'ono. Pamene sunamve, uwaimitse, ufunse.

Mvula yagwa kuno ku Chipata! Inagwa usiku wonse, ndipo kutacha pabwalo panali abongololo ambirimbiri. Msuweni wako wamng'ono uja anaona mmodzi akukwawa pafupi ndi nkhokwe, nkukuwa kuti, "Njoka! Njoka!" mpaka kudzabisala m'chitenje changa. Kwa iye chilichonse chachitali chokwawa ndi njoka, poti dzina limene akulidziwa ndi lomwelo. Iwenso unkatero uli ndi zaka 2. Mbuzi, ng'ombe, ngakhale bulu, zonse unkati galu. Ukukumbukira?

Ndinamugwira dzanja, tinanyonyomala pansi, ine nkuloza: "Uyu ndi bongololo. Taona miyendo yake." Mwana anayang'ana chala changa, kenako kachilombo kaja, kenako pakamwa panga. Ndinatchulanso. Miyendoyo, mdzukulu wanga, inkayenda motsatizana bwinobwino, osapondana ngakhale umodzi. Nditakakhudza ndi kamtengo, kanadzipinda ngati nkhata, kali zii. Tinadikira. Kenako kanatulutsa tinyanga take, nkudziwongola, ulendo wa ku masamba owola, chifukwa ndicho chakudya chake. Ukudziwa kuti bongololo amaswedwa ali ndi miyendo 6 yokha? Ina imamera akamakula. Saluma ayi, koma amatulutsa madzi onunkha, ndiye ukamugwira usambe m'manja, usatikite m'maso. Wamva?

Madzulo msuweni wako ankangoti "bongoyoyo, bongoyoyo." Ataona nyongolotsi anandiyang'ana kaye, kudikira kuti ndimuuze dzina lake. Ndinasangalala kwambiri. Dzulo ndinamutuma chipande, mawu amene sanawadziwe. Pamphasa panali mbale ndi chipande. Mbale amaidziwa, ndiye anatola chinacho nkubwera nacho. Palibe anamuuza, anaganiza yekha.

Nanga iwe, ku Lusaka kuli abongololo? Inswa zatuluka? Kusukulu waphunzira mawu anji atsopano? Ndani amakulozera zinthu nkukuuza maina ake, poti amayi ako amafika kunyumba kutada? Izi zimandisowetsa tulo. Pafoni tsiku lija ndinakufunsa za mtondo ndi munsi, iwe unangokhala chete. Sindikukudzudzula, mwanawe. Ungadziwe bwanji chinthu chimene sunachigwirepo? Chingerezi chako chimandinyaditsa, koma ndikufuna udziwenso mawu a kwanu.

Uwapemphe atate ako akubweretse mu February, nthawi ya Nc'wala, mwambo wa Angoni, ku Mtenguleni. Ulendo wa basi ndi wautali, makilomita oposa 500, choncho akutengere juzi ndi madzi akumwa. Ukadzafika tidzayenda m'munda, iwe uzidzaloza, ine ndizidzatchula, ndipo sindidzatopa.

Udzudzu wachuluka ndi mvulayi. Ukugona m'neti? Usatulutse mwendo kunja. Thupi likatentha, uwauze amayi ako msanga.

Ndine ambuya ako okukonda