Galasi lokha silingathetse ayezi pakhomo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndithirepo ndemanga pa maganizo amene eni nyumba ena m'mayiko ozizira ali nawo, akuti kamsewu kolowera galimoto pakhomo, kamene dzuwa silikafikako m'nyengo yachisanu, angakachotsere ayezi poimika galasi lotembenuzira kuwala pamenepo.

Luso lotembenuza dzuwa lilipodi. Ku Viganella, m'dziko la Italy, anaika galasi lalikulu paphiri mu 2006, ndipo ku Rjukan, m'dziko la Norway, komwe mapiri amabisa dzuwa pafupifupi theka la chaka, magalasi atatu oyendetsedwa ndi kompyuta akhala akuwalitsa bwalo la pakati pa tauni kuyambira 2013. Koma anthuwa ankafuna kuwala, osati kusungunula ayezi.

Ayezi ngwaliuma. Kutentha kosungunula kilogalamu imodzi n'kokwanira kutenthetsa madzi olemera chimodzimodzi kuchoka pa madigiri 0 kufika pa 80, chonsecho dzuwa lachisanu limadutsa chapansi kwa maola ochepa, ndipo chipale choyera chimabweza kuwala kochuluka. Galasi likakhala losasuntha, kuwalako kumasendera kwina dzuwa likamayenda, mwinanso n'kukathobwa m'maso woyendetsa galimoto mumsewu. Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi madzi osungunuka masana, amene usiku amaundananso n'kukhala oterera kuposa poyamba.

Wofuna kuyesa ayambe wapalapo chipale ndi fosholo, awazepo mchenga wakuda kapena phulusa kuti pazigwira kutentha, ndiponso akonze ngalande yoti madziwo azitsetserekera kumbali kusanade.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu