Dandaulo kwa ogulitsa mapleya a nyimbo olembedwa Hi-Res

Abwana eni sitolo, pamodzi ndi inu amene mumayendetsa tsamba lino, tikulemba poyera chifukwa ndi pano pomwe mumatsatsira malonda anu, ndipo ogula akadandaula m'munsi mwa zithunzi zanu mumangowauza kuti apite ku inbox, nkhani n'kuthera komweko. Tikunena za mapleya a nyimbo a m'thumba aja mukuwagulitsa ndi malonjezo a Hi-Res Audio, 24-bit/192 kHz ndi mawu a mu situdiyo. Ife ntchito yathu ndi ya mawu, kujambula ndi kusakaniza nyimbo, ndipo tikuti zolembedwa pa katoni ndi zina, zofika m'khutu ndi zina. Anthu akupereka ndalama za thukuta poganiza kuti akugula chida choposa foni, koma ena akubwerera kwawo ndi chinthu chomwe foni yomweyo ikuchiposa.

Chizindikiro cha Hi-Res chagolide ndi chakuda chomwe mwachiika pa chithunzi chilichonse chili ndi eni ake. Ndi cha bungwe la Japan Audio Society, lomwe lidayamba kuchipereka mu 2014, ndipo chimafuna kuti chida chizitha kuimba fayilo ya 96 kHz/24-bit, komanso ampulifaya yake izitulutsa mawu okwera mpaka 40 kHz. CD imaima pa 44.1 kHz/16-bit. Pa fayilo, kHz imanena kuchuluka kwa timagawo ta mawu tojambulidwa pa sekondi, pomwe bit imanena kulondola kwa kagawo kalikonse. Koma manambala amenewa sanena kanthu za phokoso la chidacho, mphamvu yake, kapena mmene chikhalire ndi ma-earphone a munthu. Khutu la mwana limamva mpaka 20 kHz, ndipo munthu akamakula malirewo amatsika. Choncho phindu la pleya yabwino silili pa 192 kHz ayi. Lili pa ampulifaya yoyera, yamphamvu, yosasintha mawu, ndipo apa ndi pomwe zida zanu zikugwera.

Vuto loyamba limamveka nyimbo isanayambe n'komwe. Lumikizani ma-earphone olowa mkati mwa khutu, aja a 16 ohm (ohm ndi muyeso wa kukaniza magetsi) osachedwa kumva ngakhale timagetsi tochepa, khalani m'chipinda cha zii, muimbe fayilo yopanda mawu. Mumva "sssss" ngati wailesi yomwe sinagwire siteshoni. Tsitsani voliyumu mpaka pa 1, phokoso likhala lomwelo. Zikatero dziwani kuti likubadwira mu ampulifaya momwe, malo omwe voliyumu silamulira. Bit iliyonse imawonjezera pafupifupi 6 dB (muyeso wa kukula kwa mawu) pa mtunda wa pakati pa mawu aakulu kwambiri ndi aang'ono kwambiri: 16-bit imapereka 96 dB, 24-bit imapereka 144 dB pa pepala. Phindu la ma-bit 8 owonjezerawo lili pansi penipeni, m'mawu onong'ona, monga chingwe cha gitala chikamazilala kapena mpweya womwe kwaya imakoka isanayambe ndime. Phokoso la chida likamamveka ndi khutu, zonsezo zamira kale, ngakhale 16-bit yeniyeniyo wogula sakuimva. Anyamata anu a m'sitolo akumauza anthu kuti vuto ndi ma-earphone awo. Si zoona. Ma-earphone omwewo akawalumikiza pa chida chaukhondo amakhala chete. Mapleya opangidwa bwino amakhala ndi low gain, njira yochepetsera mphamvu ya ampulifaya, yomwe imatsitsadi phokoso, pomwe pa anuwa ukasintha gain kusiyana kwake sikumveka.

Vuto lachiwiri ndi lomwe likutikhudza kwambiri, chifukwa wogula sangalione ndi maso ndipo inu simulitchula paliponse. Kabowo ka mahedifoni kalikonse kali ndi output impedance, kutanthauza kukaniza kwa magetsi komwe kuli mkati mwa chidacho. Odziwa amatsatira lamulo loti nambala imeneyi isapose gawo limodzi mwa magawo 8 a impedance ya mahedifoni. Ma-earphone a 16 ohm amafuna pleya ya 2 ohm kapena kucheperapo, a 32 ohm amafuna 4 ohm kapena kucheperapo. Chifukwa chake n'chakuti impedance ya ma-earphone siikhala imodzimodzi pa mawu onse, makamaka aja okhala ndi timasipika tingapo ta balanced armature mkati. Tiyerekeze kuti pa besi ali 16 ohm, pa mawu okwera ali 50 ohm. Pleya ikakhala ya 10 ohm, besi imatsika ndi 4.2 dB pomwe mawu okwera atsika ndi 1.6 dB yokha. Kusiyana kwa 2.6 dB kumeneko kumamveka bwinobwino: ng'oma imaphwa, gitala ya besi imabisala, mbale za jazi zimalasa m'khutu. Pleya ikakhala ya 1 ohm, kusiyana komweko sikufika ndi theka la dB. Ndiye munthu amagula ma-earphone odula, n'kumawada, osadziwa kuti akuwasokoneza ndi pleya.

Kuyeza kwake sikufuna makina a mamiliyoni, ndipo mukadakhala ndi chidwi mukadayeza katundu asanafike pa shelefu. Pezani multimeter (mita yoyezera magetsi), resistor (kachipangizo kokaniza magetsi) ya 33 ohm, ndi nthambo ya 3.5 mm yodula mbali imodzi. Imbani fayilo ya kaliwu kamodzi ka 100 Hz, chifukwa mamita otchipa sawerenga bwino mawu okwera. Yezani magetsi a AC pakati pa waya wa kumanzere ndi wa ground popanda resistor, ndipo musinthe voliyumu mpaka mita iwerenge 1.00 V. Osakhudzanso voliyumu, lumikizani resistor pakati pa mawaya omwewo, muwerengenso. Chotsani nambala yachiwiri pa yoyamba, gawani ndi yachiwiriyo, muchulukitse ndi 33. Mita ikatsika kufika pa 0.97 V ndiye kuti chida ndi cha 1 ohm, chili bwino. Ikatsika kufika pa 0.77 V ndiye kuti ndi cha pafupifupi 10 ohm, ndipo chimenecho musamachigulitse kwa munthu wa ma-earphone a 16 ohm. Ntchito yonseyi ndi ya mphindi zosakwana khumi pa chida chimodzi.

Za mphamvu nazo mumalemba mobisa. Kungoti ma-mW akutiakuti osatchula ma-ohm n'chimodzimodzi kunena mtengo osatchula ngati ndi wa thumba kapena wa ndowa. Chida chotulutsa 2 V chimapereka 125 mW pa mahedifoni a 32 ohm, koma 13 mW yokha pa a 300 ohm ngati Sennheiser HD 600. Komanso zida zina zopangidwira msika wa ku Europe zimabwera ndi malire a voliyumu potsatira malamulo a kumeneko oteteza makutu. Malirewo si oipa, koma wogula ayenera kuuzidwa asanapereke ndalama. Dzina la chip chosandutsa fayilo kukhala mawu nalo mumalionetsa ngati ndiye zonse. Kaya ndi cha kampani ya ESS, AKM kapena Cirrus Logic, chip chabwino chikazunguliridwa ndi magetsi auve ndi ampulifaya yotchipa, mawu amatuluka auve basi.

Chomwe tikukupemphani musiye lero lomwe ndi timaadaputa tija mukumapereka ngati basela, tolowetsa mahedifoni wamba a 3.5 mm m'kabowo ka 4.4 mm. Kabowo ka 4.4 mm ndi ka balanced, kali ndi mbali zisanu: kumanzere kuli plus ndi minus, kumanja kuli plus ndi minus, kenako ground. Pulagi wamba ya 3.5 mm ili ndi mbali zitatu zokha, ndipo kumanzere ndi kumanja kumagawana waya mmodzi wobwerera. Adaputa yotere imagwirizanitsa ma-minus awiri aja, omwe aliyense ali ndi ampulifaya yake yomwe ikukankha magetsi. Zotsatira zake mawu amasokonekera, chida chimatentha, ndipo ampulifaya ikhoza kupsa. Ikapsa mumati wogula wawononga yekha, warranty palibe, chonsecho chomuwonongeracho mwamupatsa ndinu. Njira yoyenera ndi kusintha nthambo yonse ya mahedifoni, kuika ya balanced yokhala ndi mawaya anayi kuchokera ku timasipika. Mahedifoni omwe nthambo yake sichoka azikhala pa 3.5 mm pomwepo.

Tibwere ku memori khadi yomwe mumaigulitsa padera, yodzaza kale ndi nyimbo zomwe mumati ndi FLAC 24-bit, mtundu wa fayilo wosataya mawu ngati mmene MP3 imachitira. Apa ndiye mukuwatseka anthu m'maso. Tengani fayilo iliyonse, muitsegule pa kompyuta ndi pulogalamu yaulere ya Spek, yomwe imajambula mawu onse a nyimbo kuyambira pansi mpaka pamwamba. Mafayilo ambiri a pa khadiyo ali ndi mzere wowongoka ngati wodula ndi mpeni pa 16 kHz, pamwamba pake mdima wokhawokha. Chimenecho ndi chipsera cha MP3 ya 128 kbps. Ena adulidwa cha pa 20 kHz, omwe ndi malire a MP3 ya 320 kbps, ndipo ena pa 22 kHz, kusonyeza kuti ndi CD yomwe angoikuza n'kuilemba 96 kHz. Nyimbo yakale yojambulidwa pa tepi imathanso kukhala ndi mawu okwera ochepa, koma iyo imazilala pang'onopang'ono, siiduka mowongoka chotero. Zomwe MP3 idataya sizibwereranso, ngakhale muisandutse FLAC kakhumi. Chomwe chimakula ndi fayilo yokha. Nyimbo ya mphindi 5 pa 128 kbps ndi ya 4.8 MB, pomwe ya 96 kHz/24-bit yosapanikiza ndi ya pafupifupi 173 MB. Wogula akulipira malo aakulu posungira mawu a 4.8 MB. Pa khadi lomwelo pali nyimbo za oimba a kuno kwathu, ndipo funso loti chilolezo cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, muli nacho kapena ayi nalonso likufunika yankho lanu.

Makhadiwo ena sakwana kukula komwe kwalembedwa. Akadzaza kupitirira malo ake enieni, mafayilo amawonongeka, nyimbo imalumpha kapena kuima pakati, ndipo wogula amaganiza kuti pleya yafa. Pulogalamu ya H2testw imadzaza khadi lonse n'kuliwerenganso, ndipo imaulula chinyengochi mosabisa.

Pali mapleya anu a Android omwe amaonetsa 96 kHz pa sikirini. Android payokha imakonda kusandutsa mawu onse kukhala 48 kHz, pokhapokha wopanga chida atakonza njira yolambalala. Nambala ya pa sikirini ndi ya fayilo, si ya zomwe zatuluka pa kabowo. Poyesa, vulani mahedifoni, imbani fayilo ya 96 kHz yokhala ndi kaliwu ka 30 kHz, mujambule zotuluka pa kabowo ndi audio interface (chida cholowetsera mawu mu kompyuta) yoikidwa pa 96 kHz. Chida chosandutsa kukhala 48 kHz sichingatulutse chilichonse choposa 24 kHz, ndiye kaliwu kaja sikaoneka. Tinene chilungamo, kusandutsa kumeneku kukachitika bwino makutu ambiri sangakumve. Koma mwalipiritsa munthu ndalama ya chinthu chomwe chida sichikuchita, ndipo pamenepo m'pamene pali mlandu. Chimodzimodzi ndi Bluetooth. Fayilo ya 96 kHz/24-bit imayenda pa 4,608 kbps, pomwe LDAC, imodzi mwa ma-codec (njira zotumizira mawu) a Bluetooth, ikafika pamwamba ndi 990 kbps, ndipo ikasokonezedwa imatsikira ku 660 kapena 330. Timahedifoni topanda waya tomwe mumagulitsa pamodzi ndi mapleyawa ndi ta SBC yokha, codec wamba yomwe imathera cha pa 328 kbps, kutsika kuposa CD ya 1,411 kbps. Kulemba Hi-Res pa mtolo woterewu n'kunama.

Tchaja yomwe mumaika m'katoni nayo ikulowetsa phokoso. Kuno magetsi akathima anthu amatchaja pa inveta kapena power bank uku akumvera nyimbo, ndipo pomwepo pamamveka kulira kwa "ziii" komwe kumasiya ukangozula nthambo. Wi-Fi ikayatsidwa pamabweranso tima "tik-tik". Zonsezi zikusonyeza kuti magetsi a ampulifaya sanatchingidwe mokwanira.

Ndiye pempho lathu ndi ili. Pa pleya iliyonse lembani output impedance, mphamvu yake pa 32 ohm ndi pa 300 ohm, ndi ma-codec a Bluetooth omwe ilidi nawo. Manambala ngati mulibe, afunseni okutumizirani katundu, kapena yezani nokha monga tafotokozera. Chizindikiro cha Hi-Res chichoke pa chida chilichonse chomwe simungaonetse chiphaso chake. Lolani wogula abwere ndi ma-earphone ake ndi khadi lake, ayesere pakona ya phee, osati pafupi ndi masipika omwe akugunda pakhomo la sitolo. Maadaputa aja achoke pa shelefu, ndipo omwe zida zawo zidapsa nawo muwakonzere kapena muwasinthire. Ogula makhadi a FLAC yabodza abwezeredwe ndalama zawo akaonetsa lisiti. Tikupempha yankho lanu lilembedwe pano pomwe, pomwe aliyense wogula alione. Mukakhala chete, nkhaniyi tiitula ku Competition and Fair Trading Commission ndi ku Consumers Association of Malawi, pamodzi ndi zithunzi za Spek ndi zomwe multimeter yawerenga.